Liu Lakuti Scoliosis ndi Msana wa Mfumu

Lero tilondole kumene kunacokera liu la Cingelezi lakuti scoliosis. Angelezi sanalipange okha ai. Analibwereka ku Cigiriki, kumene skolios atanthauza cinthu cokhota, monga njira yokhotakhota. Sing'anga wochuka Galen, wobadwira ku Pergamon ca m'caka ca 129, analigwiritsa nchito pochula msana wokhotera cammbali. Koma msana wotumphukira kumbuyo, uja ife timati linunda, anaucha kyphosis.

Musaganize kuti kusiyanitsa kotere nkwacabe. Mfumu Richard III ya ku England inaphedwa pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485. Patapita zaka zoposa 100, Shakespeare anaionetsa m'sewero lake ngati munthu wa linunda, wopunduka thupi ndi mtima womwe, ndipo mibadwo yambiri inakhulupirira zimenezo. Koma mu 2012 mafupa a mfumuyo anafukulidwa mu mzinda wa Leicester, pansi pa malo oimikapo magalimoto. Linunda panalibe! Inali scoliosis: msana wokhotera cammbali, phewa la kumanja litakwera pang'ono, cilema coti malaya osokedwa bwino akanatha kucibisa.