Ophunzira Akale ndi Sukulu Zawo: Yankho kwa Mnyamata wa pa Depoti

Mwezi wathawu ndili pa depoti ya Balaka kudikira minibasi yopita ku Liwonde, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Pocheuka ndinapeza ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa mbiri yakale mu Fomu 3 ndi Fomu 4 zaka zoposa khumi zapitazo. Ndati mnyamata chifukwa cha chizolowezi chabe, pano ndi bambo wa ana awiri, ndipo kamimba kayamba kuoneka. Anandigulira chimanga chootcha, tinakhala pabenchi, kenaka anandiponyera funso.

"Aphunzitsi, kuntchito kwathu anzanga amene anaphunzira ku Box 2 ndi ku Dedza sakhalitsa osasonkha ndalama zokakonzera sukulu zawo. Ali ndi makomiti, ali ndi malaya olembedwa dzina la sukulu. Nanga ife bwanji tilibe zoterezi? Kapena ndife anthu osayamika?"

Minibasi inadzaza ndisanamuyankhe, ndiye ndinamulonjeza kuti ndilemba. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Yankho langa ndi lakuti simuli osayamika ayi. Mwambo woti anthu amene anaphunzira pamodzi azigwirizana ndi kukumbukira sukulu yawo uli ndi mbiri yake m'dziko muno, ndipo mbiriyo kwa nthawi yaitali inatilambalala ife a ku Machinga ndi Balaka.

Tiyambire kumpoto. M'chaka cha 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun Institution pa phiri la Khondowe, ku Livingstonia. Anyamata ankachokera kutali, nkumagona pamodzi, kudya pamodzi ndi kulangidwa pamodzi kwa zaka zingapo. Atamaliza anabalalika, ena uphunzitsi, ena ubusa, ena ukalaliki m'maofesi a boma, enanso ku Rhodesia ndi ku Joni. Koma sanatayane. M'chaka cha 1912 ena mwa iwo anayambitsa bungwe la North Nyasa Native Association ku Karonga, mlembi wake Levi Zililo Mumba. Mu 1914 kunabadwa la West Nyasa ku Bandawe, ndipo mu 1920 la Mombera ku Mzimba. Mabungwewa sankatchedwa a ophunzira akale, koma mukaona amene ankawatsogolera, ambiri anali ana a Livingstonia. Nkhani imene sinkasowa pa misonkhano yawo inali ya maphunziro: ankafuna kuti boma la atsamunda liikepo ndalama zake, osangosiyira amishoni. Levi Mumba yemweyo ndiye anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Ndikawauza ana m'kalasi kuti ndale za dziko lino zinaswedwa ndi anthu amene ankabwerekana zolembera, amaseka, koma ndi momwe zinalili.

Nanga kuno kwathu nthawi imeneyo kunali zotani? Kwa achinyamata amene simukudziwa, Machinga kale ankati Kasupe, ndipo Balaka inali mbali ya Machinga mpaka mu 1998 pamene inakhala boma palokha. Sukulu zinalipo, koma pafupifupi zonse zinali za mishoni. A Church of Scotland anali ku Domasi kuyambira 1884. Ansembe a Montfort, amene anafikira ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, anatsegula mishoni ya Utale mu 1908. A Anglican anakhazikika ku Likwenu ndi ku Malosa. Koma m'madera ambiri a mafumu monga Kawinga, Liwonde, Nyambi ndi Kalembo anthu anali atalandira kale Chisilamu. Kholo lachisilamu likayang'ana sukulu ya m'mudzi linkaona kuti mphunzitsi ndi yemweyo wolalikira, ndipo Lamulungu kalasi lomwelo limasanduka tchalitchi. Kutumizako mwana kunali ngati kumupereka kuti akabatizidwe ndi kusinthidwa dzina. Ambiri anasankha kuti mwana azipita ku madrasa basi. Ine sindiwaimba mlandu makolo amenewo, ndikanakhala ine mwina ndikanachita chimodzimodzi. Koma zotsatira zake tikuziona mpaka pano. Pamene kwina agogo, bambo ndi mdzukulu onse anadutsa pa sukulu imodzi, kuno m'mabanja ambiri munthu woyamba kulemba mayeso a Fomu 4 ndi amene ndinamuphunzitsa ineyo.

Sikuti dera lathu linali kutali ndi maphunziro apamwamba. Gulu la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924 ndi kupeza kuti boma silikuchitapo kanthu kokwanira, mu 1926 kunakhazikitsidwa dipatimenti ya maphunziro, ndipo mu 1929 kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Domasi, pakhomo pathu penipeni. Dzinali linachokera kwa Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia ku America, amene mu 1907 anapereka madola 1 miliyoni kuti athandize sukulu za kumudzi za anthu akuda kummwera kwa dzikolo. Ku Domasi aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo, kuphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi ukhondo, kenaka nkubwerera kukayendera sukulu za m'midzi. M'dera lomwelo muli Malawi Institute of Education ndi Domasi College of Education, yomwe inayamba mu 1993 ndipo ambiri mwa inu anzanga munasulidwa kumeneko. Koma tinene zoona, koleji ya aphunzitsi imabala aphunzitsi, ndipo thumba la mphunzitsi tonse tikulidziwa. Pofika pa 15 mwezi limakhala litaphwa kale.

Amene anali ndi thumba anachokera kwina. Sekondale zinachedwa kwambiri m'dziko muno: Blantyre Secondary School mu 1940, Zomba Catholic, ija timati Box 2 potengera keyala yake ya ku positi, mu 1942, ndipo Dedza mu 1951. Zinali sukulu zogonera konko, zotenga ana ochepa osankhidwa m'dziko lonse. Azungu atachoka mu 1964, amene anadutsa m'sukulu zoterezi ndiwo anakhala pa mipando: nduna, majaji, madokotala, akuluakulu a makampani. Munthu wotere akakumana ndi mnzake ku Lilongwe, nkhani za nyemba zofumbwa ndi belu la m'mbandakucha zimayamba zokha, ndipo pamapeto pake mmodzi amapisa m'thumba. Mnyamata wanga wa pa depoti akudziyerekeza ndi anthu amene anayamba ulendowu zaka makumi asanu kapena kuposa iye asanabadwe.

Ngakhale iwowo njira sinali yosalala. Mu 1964 nduna zingapo zinasemphana ndi Dr Kamuzu Banda. Mmodzi mwa iwo, Henry Masauko Chipembere, amene anaphunzira ku Blantyre Secondary School ndi ku Fort Hare, anatsogolera gulu lake mu February 1965 kukathira nkhondo ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi. Ulendo wawo wopita ku Zomba unathera pa Liwonde pathu pano, chifukwa pantoni yowolotsa anthu pa Shire inali tsidya lina. Kuchokera apo boma linayamba kuwayang'ana ndi diso lokayikira anthu ophunzira, ndipo mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Akuluakulu amene munaphunzitsa zaka zimenezo mukudziwa kuti anthu asanu ovala mataye akakhala m'nyumba imodzi kukambirana, mawa lake wina ankatha kufunsidwa kuti mumakambirana chiyani. Amene ankakumana ankakumana mosamala, pa ukwati kapena pa maliro.

Chodabwitsa nchakuti wophunzira wakale amene anakumbukira kwawo koposa onse anali Kamuzu mwiniyo. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankati anaphunzirirapo ali mwana. Kunali Chilatini, Chigiriki ndi aphunzitsi ochokera kunja. Ena amati inali mphatso, ena amati kunali kuwononga chuma pamene ana a ku Ntaja ndi ku Phalula ankakhala pansi pa mitengo. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ngakhale ndikuvomera kuti sukuluyo yatulutsa anthu amene atumikira dziko.

Zinthu zinatembenukira ku Balaka. Kalata ya maepisikopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 inasindikizidwa ku makina a Montfort pa Balaka pompa, ndipo mwa zina inadandaula za kuthithikana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Kunatsatira riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994, chimene anapambana Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga komanso Msilamu. Anthu anamasuka kupanga mabungwe a mtundu uliwonse. Chaka chomwecho pulayimale inakhala yaulere, ndipo ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Anawo atamaliza Sitandade 8 anafuna kolowera. Apa mpamene malo aja ophunzirira mwa makalata, amene anayamba ndi Malawi Correspondence College mu 1965 ndipo tinkawadziwa ndi dzina loti MCDE, anasandutsidwa ma Community Day Secondary School mu 1998.

Sukulu zathu zambiri kuno ndi zimenezi. Mwana wa pa CDSS amabwera m'mawa wapansi kapena pa njinga, belu likalira masana ali pa liwiro kukathandiza kumunda kapena kukagulitsa pa msika. Palibe hosteli, palibe mbale imodzi yodyera pamodzi. Ochepa okha ndiwo amafika ku yunivesite. Ndiye pali manyazi aja amene tinawabzala tokha. Ndi angati mwa ife aphunzitsi tinauzapo mwana wa pulayimale kuti ukapanda kulimbikira ukathera ku MCDE? Ine ndinanenapo. Munthu amene anauzidwa kuti sukulu yake ndi kotayira zotsala, lero timudabwe bwanji akamabisa dzina lake?

Koma tisabisale kumbuyo kwa mbiri. Ndili pa gulu la WhatsApp la anzanga amene tinamaliza nawo koleji. Mnzathu akaferedwa, chipepeso chimasonkhedwa tsiku lomwelo, Airtel Money ndi Mpamba kulira mpaka usiku. Ndi chinthu chabwino, ndipo inenso ndinalandirapo pamene mayi anatisiya. Tsiku lina mmodzi anati tisonkhe tigulire mabuku laibulale ya koleji yathu. Gulu lonse linangoti zii, ine pamodzi, mpaka wina anatumiza nthabwala ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndalama ya maliro timaipeza chifukwa tikudziwa kuti mawa ndi ife. Ya sukulu timati ndi udindo wa boma. Palinso mantha ena omveka: tonse tinaonapo komiti imene msungichuma wake anasowa ndi thumba lomwe, ndipo munthu amene anapsa kamodzi sabwereza.

Ena amanena kuti zoterezi ndi za anthu olemera, za ku Harvard kumene chuma cha yunivesite chinaposa madola 50 biliyoni. Koma John Harvard mwiniyo, pomwalira mu 1638, anangosiyira kasukulu kongoyamba kumene theka la chuma chake ndi mabuku pafupifupi 400. Chitsanzo chapafupi ndi William Kamkwamba wa ku Kasungu, uja anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Anasiya sukulu pa Kachokolo, CDSS ngati zathu zomwezi, chifukwa cha kusowa fizi nthawi ya njala ya 2002. Mwayi utamugwera sanaiwale, anathandiza kumanga makalasi pa pulayimale yake ya Wimbe.

Tsopano ndibwere pa sukulu yathu. Ana anga akale mukudziwa buloko ya Fomu 1 ija ili pafupi ndi mjigo. Mvula ya mphepo ya dzinja lapitali inasasula denga lake mbali imodzi, ndipo mpaka lero mitambo ikangoda timawasamutsira ana m'chipinda cha aphunzitsi. Makolo anaumba njerwa ndi kututa mchenga wokonzera khoma. Chotsala ndi malata, misomali ndi mmisiri. Mwa inu alipo anamwino, apolisi, oyendetsa mathiraki, ena muli ku Joni, ndipo mmodzi ndikumudziwa ndi kalipentala wodziwa ntchito yake.

Sindikupempha ndalama lero. Mu ofesi ya a hedi muli kaundula wakale wokhala ndi mayina a ana onse kuyambira kalasi loyamba, masamba ena chiswe chinayamba kudya. Ndapempha chilolezo ndipo ndayamba kukopera mayinawo madzulo ndikaweruka. Aliyense amene akudziwa kumene kuli anzake a chaka chake andiuze. Loweruka loyamba tikatsekera teremu ino tikumane pansi pa mtengo wa mango uja tinkachitirapo asembule, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Msungichuma tidzasankha pamaso pa onse, ndipo ndanena kale kuti asakhale mphunzitsi. Iwe wa pa depoti, ubwere ndi anzako a ku Box 2 aja mmodzi kapena awiri, adzatiuze momwe amayendetsera akaunti yawo ku banki.