Khutu ndi Phazi: Za Magule ndi Kamvedwe ka Nyimbo m'Chigwa cha Bwanje

Tsiku lina madzulo, tikuchokera kokapereka nsembe ya Misa ku katchalitchi kena ka m'chigwa cha Bwanje, tidakumana ndi mnyamata wa kabaza atapumula patsinde pa mlambe. Mutu wake unkagwedezeka pang'onopang'ono, chala chikugogoda pachishalo, ndipo m'makutu mwake mudatuluka tizingwe tiŵiri toloŵa m'thumba la malaya. Tidampatsa moni, koma sadayankhe. Sikuti adali wamwano ayi: sadatimve. Iye adali pagule, koma gule wakeyo adalibe bwalo, adalibe owomba m'manja, ndipo ife amene tidaima pafupi naye sitidamve kanthu. Tidayenda njira yonse yotsala tikudzifunsa kuti kodi khutu lidasiyana liti ndi phazi m'dera lino, pakuti makolo athu zinthu ziŵirizi sankazilekanitsa.

Chiyankhulo chathu chomwe chikuchitira umboni. Mawu akuti "kumva" amanyamula zambiri: timamva phokoso, timamva tanthauzo la nkhani, timamva njala, timamvanso chisoni. Pamenepo mpomwe pachokera "kumvera", ndiye kuti kutchera khutu, komanso kuchita zimene wauzidwa. Munthu wakumva ng'oma ankaimvera, ndipo kuimvera kwake kudali kudzuka. Wokalamba amene miyendo idamkana ankawomba m'manja, mayi wa mwana kumsana ankathira nthungululu. Wongoima chilili ngati chitsa ankaganiziridwa kuti ndi mlendo kapena wodwala.

Tiyambe ndi Angoni, popeza chigwachi chili m'dziko la Inkosi ya Makosi Gomani. Angoni a Maseko, atayendayenda zaka zambiri kuchokera kumwera mpaka ku Songea, adabwerera nadzakhazikika ku phiri la Domwe cha m'ma 1870, ndipo kuchokera kumeneko ulamuliro wawo udafalikira m'mapiri a Ntcheu mpaka kutsikira kuno kuchigwa. Gule wawo wamkulu ndi ngoma. Chodabwitsa nchakuti m'gule ameneyu, ngakhale dzina lake likumveka ngati ng'oma, mulibe ng'oma yachikumba. Ng'oma yake ndi nthaka yomwe. Amuna amaponda pamodzi, chishango kumanzere, chibonga kumanja, amayi akuwomba m'manja ndi kuvomera nyimbo. Ndipo amene adaimapo pafupi akudziŵa kuti mgugu wake umayamba kumveka m'mapazi usadafike m'makutu. Gomani woyamba ataphedwa ndi Angerezi m'chaka cha 1896, nkhondo za Angoni zidatha, chiyankhulo chawonso chidanka nichizilala chifukwa ana ankayamwa Chicheŵa kwa amayi awo. Koma gule adatsala. Lero pamwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo mumamva anthu akuimba mwamphamvu mawu a Chingoni amene ambiri a iwo sangathe kuwamasulira. Ena amaseka zimenezi. Ife sitiseka, pakuti nafenso tili ndi agogo amene adaimba Chilatini moyo wawo wonse osadziŵa galamala yake, ndipo sitingayerekeze kunena kuti sankapemphera. Chimene mutu udaiŵala phazi lidasunga.

Pafupi ndi ngoma padali magule a eni dziko: Gule Wamkulu kumaliro ndi kuchinamwali, chimtali cha amayi, chitelera cha atsikana mwezi ukaŵala, osaiŵala nyimbo za pamtondo, momwe mkazi ankadzudzula mwamuna wake waulesi mudzi wonse ukumva, popanda womuimba mlandu. Apa tiyenera kunena za ife eni ake mosabisa. Abambo a Chimontfort adafika ku Nzama m'chaka cha 1901, Abambo Oyera ku Mua m'chaka cha 1902, ndipo chigwa cha Bwanje chili pakati pa mishoni ziŵirizo. Mkangano wa pakati pa mishoni ndi dambwe, makamaka m'zaka za m'ma 1920, udalembedwa bwino ndi Ian Linden m'buku lake la 1974. Udali mkangano wolimbirana ana: kodi mnyamata apite kusukulu kapena akamete? Ansembe aja adali ndi zifukwa zawo, ndipo zina mwa izo sizidali zopanda pake, chifukwa kumenya ndi kutukwana kudalipodi. Koma poopa chilombo adaopa ndi ng'oma yomwe. Mkhristu adaphunzira kukhala pansi m'tchalitchi, manja pachifuwa, mapazi ali duu, akuimba nyimbo za mayimbidwe a ku Ulaya. Tikafuna malo oyamba kumene munthu wa kuno adaphunzitsidwa kumva nyimbo thupi lili chete, sitiyenera kuyang'ana kutali.

Zachilendo zina zidabwera ndi asilikali. Beni, amene chiyambi chake chili kugombe la Aswahili m'zaka za m'ma 1890, adafalikira kuno ndi amuna obwerera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, namera mizu pakati pa anansi athu a ku Balaka ndi ku Mangochi; mganda ndi malipenga ndi abale ake. Ovina adatenga perete wa Mzungu, mizere yake, maudindo ake ndi kunyada kwake, nazisandutsa seŵero. Komabe ameneyu adali gule wa pabwalo monga ena onse. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka beni kadameta, koma sikadacheke.

Kamene kadacheka kadabwera pasitima. M'chaka cha 1935 njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima, kudzera ku Balaka, Sharpevale ndi Golomoti, kutsata chigwa chathu chino. Idanyamula thonje kupita kumwera, idanyamulanso amuna opita ku Halale ndi ku Joni. Pobwerera ankabwera ndi bokosi lachitsulo, chipewa, njinga, ndipo wamwayi ndi galamafoni. Agogo athu aamuna, amene adapita kumigodi ndi Wenela, adali nayo yawo. Ife tidaipeza itafa kale, ikusungira mbewu ya maungu pamwamba pa kabati, koma azakhali ankatisimbira momwe mudzi wonse unkasonkhanira pakhonde, mwana mmodzi akupukusa, wina akusuzumira kumbuyo kufuna kuona tianthu toimba m'katimo. Kwa nthaŵi yoyamba nyimbo idamveka woimba palibe. Ndi m'mbale zoterezi ndi m'makutu a amatchona momwe kwela adafikira kuno, mayimbidwe amene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adawapatsa kukoma kwa Chimalaŵi, mpaka Gerhard Kubik adawajambula m'chaka cha 1967. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege yonyamula amuna ochokera kumigodi itagwa ku Francistown nkupha Amalaŵi oposa 70. Koma pofika apo wailesi idali italanda kale malo a galamafoni.

Wailesi yotsika mtengo yoyamba, yotchedwa Saucepan Special chifukwa idaoneka ngati sefuliya, idatuluka m'chaka cha 1949, ndipo mawu ankachokera ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaimba ndi kuulutsa. MBC idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo kwa zaka zoposa 30 dziko lonse linkamva chinthu chimodzi nthaŵi imodzi. Izi zidali ndi ubwino wake: banjo ya Allan Namoko, wakhungu wa ku Thyolo, idadziŵika ku Kasinje monga idadziŵikira kwawo. Zidalinso ndi mbali ina. Magule a m'mudzi adakwezedwa pamalole kupita kokavinira Ngwazi, nyimbo zakale zidavekedwa mawu atsopano otamanda munthu mmodzi, ndipo mayi amene kale ankavina chimtali chifukwa mtima wafuna adayamba kuvina chifukwa tcheyamani waitana. Amayi ambiri a mbumba amakumbukirabe masikuwo ndi chisangalalo chenicheni, ndipo sitikuwatsutsa. Tikungoti gule wolamulidwa ndi gule wina.

Ife tidakula m'nyengo ya kaseti. Tikukumbukira mabatire oyanikidwa padzuŵa kuti apezeko mphamvu ya usiku umodzi, ndi cholembera chobayidwa pabowo la kaseti kuti tiibweze osawononga moto. Nyimbo za m'nyumba mwathu zinkachokera pafupi, ku Balaka, kumene gulu la Alleluya Band lidayambira paparishi m'chaka cha 1978, Paul Banda akutsogolera mayimbidwe ndipo Bambo Mario Pacifici akuchirikiza. Mng'ono wake Lucius, amene adatisiya m'chaka cha 2024, adaimba za amphaŵi ndi andende pamene dziko linkasintha ndale, ndipo nyimbo zake tinkazimva wailesi itachepetsedwa mawu, akuluakulu akuyang'ana kukhomo. Ku seminale yaing'ono mnzathu wina adabwera ndi kawailesi ka kaseti kokhala ndi zomvera m'makutu. Tinkabwerekana mobisa, aliyense mphindi zake, pansi pa bulangeti. Tivomere kuti kudali kukoma kosaneneka: nyimbo yonse ya iwe wekha, ikulira pakati pa mutu. Tsono sitingamuŵeruze mnyamata wa kabaza uja ngati kuti ife tidali oyera.

Ndiponso sitinganene kuti makolo sankadziŵa nyimbo ya munthu mmodzi. Padali nkangala, kauta kabango kamene amayi ndi atsikana ankaimba atagwira nsonga yake pakamwa, ndipo akatswiri amati kadabwera ndi Angoni. Mawu ake ngochepa, kotero kuti amene amawamva bwino ndi mwini wake, chifukwa amalira m'kamwa mwake momwe. Mtsikana wosungulumwa, kapena mkazi amene mwamuna wake adatchona, ankakhala kuseri kwa nkhokwe nadziimbira. Kusiyana kwake nkumodzi, koma nkwakukulu: iye nyimboyo ankaipanga yekha, pomwe mnyamata wathu adakaigula kwa wootcha nyimbo pamsika, mazanamazana pa kamemore khadi kochepa ngati chikhadabo. Wa nkangala adali yekha koma adali woimba. Paja akale adati ukaipa dziŵa nyimbo, kutanthauza kuimba, osati kusunga. Nayo nyimbo ya pamtondo sidaphedwe ndi wansembe kapena wailesi. Idaphedwa ndi chigayo, ndipo palibe mayi amene angafune kubwerera kumunsi kuti ife okonda zakale tikondwe.

Mbiriyi ili ndi kakhonde kena kamene kamatichititsa manyazi ndi kutisangalatsa nthaŵi imodzi. Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1963 chonena za chipembedzo, udalamula kuti mayimbidwe a mitundu ya anthu alemekezedwe ndi kupatsidwa malo. Ng'oma idaloŵa m'tchalitchi, poyamba mwamantha, akhristu ena okalamba akudandaula kuti tawabwezera kumene adathaŵa. Ku Mua komwe kuja, Bambo Claude Boucher adatsegula malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo zigoba za Gule Wamkulu zikusungidwa pamishoni imene idalimbana nazo. UNESCO idadzazindikira guleyu m'chaka cha 2005, ife titayamba kale kulapa. Zotsatira zake nzakuti m'midzi yambiri ya m'chigwachi, kumene bwalo la chitelera lidamera udzu, malo otsala kumene agogo, mayi ndi mdzukulu amaimba nyimbo imodzi, mapazi akuyenda pamodzi, ndi m'tchalitchi Lamulungu m'maŵa ndi pamaliro.

Mnyamata uja tidamuonanso patapita masabata atatu, ku katchalitchi komwe kaja. Ndiye ankaimba ng'oma yaikulu ya kwaya, thukuta lili kamukamu, ndipo atsikana ovina kutsogolo kwa guwa ankatsata dzanja lake. Tizingwe tija tidali lende pakhosi. Misa itatha tidamfunsa chimene ankamvera tsiku lija pansi pa mlambe. Adaseka, natipatsa kachingwe kamodzi, kena nkuika m'khutu mwake. Idali nyimbo ya kwaya ina ya ku Zambia imene ankafuna kuphunzitsa anzake Khirisimasi isadafike.