Zikumbutso za Nkhondo M'mbali mwa Msewu ndi Anthu a Mtengatenga

Aliyense woloŵa mumzinda wa Zomba kuchokera ku Blantyre amaona nsanja yanjerwa zofiira, yokhala ndi koloko, itaima pambali pa msewu pafupi ndi Cobbe Barracks. Nsanjayi idamangidwa itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse pokumbukira asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatcha Akeyala. Gulu limeneli lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo magulu ake aŵiri oyamba adali a ku Nyasaland. Tsono tiyenera kufunsa: kodi chikumbutso chotere chimakumbukira yani, nanga chimasiya yani?

Nkhondoyo idafika kwathu kuno msanga ndithu. Pa 13 August 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen idaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, kutsidya kwa nyanja. Pa 9 September chaka chomwecho kudamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. Anthu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha mfuti yolira mosalekeza. Mu November 1914 John Chilembwe adalembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika osauka akukhetsa mwazi pa mkangano umene suwapindulira kanthu.

Mathero a nkhondoyi ali ndi chikumbutso chakechake ku Zambia, pafupi ndi mlatho wa Chambeshi, pa msewu wa pakati pa Mpika ndi Kasama. Pamenepo mpamene mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adavomera kuleka kumenyana pa 14 November 1918, patapita masiku atatu chithere nkhondo ku Ulaya. Adakatula zida ku Abercorn, kumene tsopano ndi Mbala, pa 25 November. Chikumbutsocho chidatsekulidwa mu 1953, ndipo pambali pake padaikidwa mzinga wa nthaŵi imeneyo.

Koma pakati pa Karonga ndi Chambeshi pali mtunda wautali ndi zaka zinayi, ndipo nkhondoyo idayenda pamitu pa anthu. Misewu ya galimoto idali yosoŵa, ndipo kashembe ankapha ng'ombe ndi abulu. Nchifukwa chake chakudya, zipolopolo ndi mahema zidasenzedwa ndi anthu a mtengatenga, makamaka kuyambira 1916 pamene gulu la Edward Northey lidaloŵa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumalire a kumpoto. Akatswiri a mbiri amaŵerengera kuti Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga adayandikira 200,000. Ambiri adagwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma, kotero anthu adati ili ndi thangata lina. Chimene chidawapha kwenikweni si chipolopolo ai, koma kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Kumudzi minda idagonera, ndipo chimfine choopsa cha 1918 chidapeza anthu atafooka kale.

Ameneŵa adaikidwa m'tchire, pamene adagwerapo, popanda mwala kapena dzina. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso okwana 350,000, ambiri mwa iwo Aafirika, sadakumbukidwe ndi maina awo monga adachitira ndi Azungu. Boma la Britain lidapepesa m'nyumba ya malamulo. Kwa ife amene timadziŵa kuti kulira maliro, kumeta ndi kupatsa mdzukulu dzina la gogo wake ndiyo njira yosungira wakufa pakati pa abale ake, kutayika kwa dzina ndi imfa yachiŵiri.

Komabe anthu sadadikire miyala. Magule a beni, malipenga ndi mganda, okhala ndi mizere, maudindo ndi zovala zachisilikali, adasunga nkhondoyo m'bwalo la mudzi.

Choncho mwezi wa November, pamene dziko limaika nkhata pa nsanja ya ku Zomba ndipo Mpingo umapempherera mizimu ya akufa, ntchito yathu njomveka. M'maparishi athu mudakali okalamba amene adamva kwa agogo awo za mbale amene adapita ku mtengatenga osabwerera. Tiwafunse, tilembe mainawo, tiwatchule pa guwa, nthaŵi isanatithere.