Eneas Comiche, Wosunga Cuma m'Masiku a Nkhondo

Akuluakulu a ku Linthipe ndi m'mapiri monse mwa Dedza akumbukira bwino zaka zija pamene anansi ao a ku Angonia anali kufika ndi akatundu pamutu, kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Pofika caka ca 1992 othawa m'Malawi anali ngati miliyoni imodzi. Pokamba za nkhondoyo anthu amachula maina a asilikari, naiwala iwo amene anali kusunga thumba la boma pamene dziko linali kupsa. Mmodzi wa iwo ndiye Eneas Comiche.

Iye anabadwa m'caka ca 1939 ku Moma, m'cigawo ca Nampula, naphunzira za cuma ku Porto, kwao kwa Apwitikizi. Mwai wotere unagwera ana a eni dziko owerengeka okha masiku amenewo. M'caka ca 1986, comweco cimene Samora Machel anafera pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, Comiche anaikidwa kukhala mkulu wa Banki Yaikulu ya Mozambique.

Nchito imene anaipeza inali yowawa. Boma linali kunena kuti dola imodzi ilingana ndi ndalama za metical ngati 40, koma m'masitolo munali mbee, ndipo pa msika wamseri, umene eni ace anaucha candonga, dolayo inali kugulidwa pa mtengo woposa pamenepo kambirimbiri. Tsono mu January 1987, mogwirizana ndi IMF ndi World Bank, boma la Joaquim Chissano linatsitsa mphamvu ya metical kufikira 200 pa dola. Katundu anayamba kuonekanso m'masitolo, ndiponso maiko akunja anaonjeza cithandizo. Koma wanchito wa malipiro ocepa anangodya ndi maso. Kunena zoona, mankhwalawo anaciza msika msanga kuposa mwini nyumba, ndipo Comiche sangacotsedwe pa mlanduwo, monganso sangamanidwe ulemu wace. Mu 1991 anakhala Nduna ya Zacuma, ndipo anali pa mpando womwewo pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Anthu a ku Maputo anamsankha kukhala mfumu ya mzinda mu 2003. Anagwira zinthu zosachukitsa munthu: zinyalala, miseu, misonkho ndi kagawidwe ka malo. Komabe mu 2008 cipani cace ca Frelimo cinamsiya, nicisankha David Simango; ambiri ananena kuti kuuma kwace pa nkhani za malo ndi ndalama sikunakondweretse anzace ena.

Patapita zaka khumi cipanico cinamkumbukanso. Anapambana masankho a 2018 ali ndi zaka 79, nayamba nchito mu 2019. Ulendo uno anayambana ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa miseu, pofuna kuwacotsamo mu 2020. Anatula pansi udindowo m'caka ca 2024.