Nkhanza za m'ndende zinayambira kukhoti

Kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu sikunabwere ndi ufulu wodzilamulira. Atsamunda, omwe anakhazikitsa linga la Fort Manning pomwe lero timati Mchinji, anachita zimenezi poyera mu Malichi 1959, pamene anagwira anthu oposa 1,000 n'kutsekera ena ku Kanjedza, Dr Kamuzu Banda n'kumutumiza ku Gwelo. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo otsekera anthu popanda mlandu sanatayidwe koma anangosintha manja. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu chaka chomwecho, ndende ya Dzaleka inayamba kudzaza, kenako ya Mikuyu.

Ambiri amaloza chala 1971, pamene Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya, koma ine ndimati zinthu zinapotoka mu 1969. Chaka chimenecho, anthu ali ndi mantha chifukwa cha kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, nyumba ya malamulo inapatsa makhoti a mafumu mphamvu zoweruza milandu yakupha. Kumeneko loya sankaloledwa, ndipo oweruza ankasankhidwa ndi pulezidenti yemweyo. Kuyambira pamenepo mkaidi analibenso kodandaula, ndipo woyang'anira ndende anadziwa kuti palibe adzamufunsa za unyolo, njala kapena chikwapu. Nkhani ya Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cha MCP mu 1959 n'kukhala nduna yoyamba ya zachilungamo, ndiyo umboni waukulu. Pa 24 Disembala 1981 iye ndi mkazi wake Vera anagwidwa cha kumalire a Mchinji. Boma linati analowa okha m'Malawi, iwo nati anachita kubedwa m'dera la Chipata. Khoti la mafumu linawaweruza kuti anyongedwe mu 1983, chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse mu 1984, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okotobala 1992, atatha zaka ali yekhayekha m'chitolokosi, nthawi zina atamangidwa maunyolo. Ena amati makhotiwo amatsata chikhalidwe chathu. Si zoona: pabwalo la mfumu munthu amabwera ndi mboni ndi abale omuyankhulira, ndipo anthu amamva mbali zonse. Ena amati dziko limafunika chitetezo, koma Albert Muwalo, amene anali mkati mwa ulamulirowo, anaweruzidwa ndi khoti lomwelo n'kunyongedwa mu 1977. Mphamvu zopanda woziletsa sizisankha womudya.

Ulemu wothetsa zimenezi ndimaupereka kwa maepiskopi a Katolika chifukwa cha kalata yawo ya Malichi 1992, osati kwa andale amene anadzayankhula njira itatseguka kale. Malamulo a 1994 amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo mu 2009, pamlandu wa Gable Masangano, khoti linadzudzula kudzaza kwa ndende ndi kuchepa kwa chakudya. Koma lamulo silidziyendera lokha. Pa Mchinji Boma, pomwe apolisi amagwira ozembetsa katundu ndi odutsa malire opanda mapepala, ogwidwawo nthawi zambiri alibe loya kapena m'bale pafupi. Majisitireti, atolankhani, mipingo ndi mafumu ayenera kumafunsa kuti m'chitolokosi muli ndani, walowamo liti, ndipo kukhoti apita tsiku lanji.