Mphika wa Amai ndi Mbiri ya Banja

Nyumba zambiri za ku Avondale, Chelstone ndi Kabwata ziphika ufa umodzimodzi wa cimanga wogula m'sitolo. Koma munthu akalawa ndiwo, aona kuti nyumba iri yonse iri ndi kaphikidwe kace. Kuti timvetse cifukwa cace, tiyenera kubwerera ku ciyambi ca mzinda uno.

Njanji inafika pa Lusaka m'caka ca 1905, ndipo m'caka ca 1935 Boma linasamutsa likulu lace kucokera ku Livingstone kudza kuno. Pamenepo amuna ambiri anabwera kudzafuna nchito, makamaka a kum'mawa, ocokera ku Fort Jameson (lero Chipata), Petauke ndi Nyasaland. Ambiri anasiya akazi ao kumudzi, nagona m'tinyumba tozungulira tonga tija tasungidwa pa Kabwata. Cakudya cao cinali phoso locokera kwa owalemba nchito: ufa wa cimanga, nyemba ndi mcere. Mbemba amene anakulira nsima ya mawere, ndi munthu wa ku Luapula wozolowera nsima ya cinangwa, onse anaphunzira kudya cimanga, mbeu imene inacokera ku America pamodzi ndi cinangwa comweco.

Itatha Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, nyumba za mabanja zinamangidwa ku Chilenje ndi ku Matero, ndipo akazi anacuruka m'tauni. Mkazi ali yense anadza ndi nzeru za amai ace. Mcewa anadza ndi nkhwani zotendera ndi therere la cidulo. Mbemba anadza ndi cikanda, ndiponso ndiwo zotendera zimene iye aziti ifisashi. Mtonga, mwini ng'ombe, anadza ndi mkaka wosasa ndi cibwantu. Mlozi wa ku Zambezi anadza ndi luso la kuphika nsomba. Ufa unafanana cifukwa unacokera ku cigayo cimodzi, koma ndiwo sizinafanane, pakuti mtsikana saphunzira kuphika m'buku. Aphunzira ataima pambali pa mafuwa, akupenya dzanja la amai ace. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Komatu si mtundu wokha umene ulamulira mphika. Umphawi ndi cuma nazonso zisiya cizindikilo. Mtengo wa ufa utakwera, anthu anacita cipolowe ku Copperbelt m'caka ca 1986, ndi m'Lusaka muno m'caka ca 1990. Mwana amene anakula m'masiku amenewo, ngakhale lero akhale ku Kabulonga kapena ku Woodlands, kawirikawiri sataya mkute, ndipo ayesa mafuta ndi supuni. Ndiponso miyambo ina imene tiiyesa yakale njatsopano. Kapenta wa ku Kariba sanadziwike kwa makolo a Atonga, pakuti anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kuikidwa m'Kariba ca m'ma 1967, damu litamangidwa kale.

Nkhani iyi iri ndi phindu kwa inu amene mwatsiriza sukulu. Ambiri a inu mudzakwatira kapena kukwatiwa kunja kwa mtundu wanu, monga zicitika kwambiri m'Lusaka. Mnyamata akauza mkazi wace kuti, "Nsima iyi njofewa, si monga ya kwathu," asayese kuti wanena za ufa ndi madzi okha. Wanyoza apongozi ace ndi agogo a mkaziyo. Abemba ndi Angoni aseka za mbewa ndi za anyani popanda ndeu cifukwa pali cimbuya pakati pao, koma m'nyumba mau otere avulaza, ndipo ankhoswe atopa nayo milandu yoyambira pa mbale.

Inunso amene mulemba nthano, kapena mucita masewero oyerekeza anthu ena, musaiwale zimenezi. Musangotiuza kuti munthu wanu ndi wa ku Katete. Tionetseni m'mene atendera ndiwo, amene ayamba kusamba m'manja, ndi cimene acita ndi nsima yotsala. Pamenepo tidzamdziwa kwao ndi maleredwe ace.

Cotero agogo anu akadali moyo, khalani nao pafupi ndi moto, muwafunse amene anawaphunzitsa kuphika, kumene anacokera, ndi caka cimene anafika m'Lusaka. Mbiri imeneyo simudzaipeza m'mabuku a Boma.