Mphini ndi tattoo: mmene anthu amaonera zolemba za pakhungu kuno ndi kunja

Mphini ndi timabala ting'onoting'ono totemedwa pakhungu ndi lumo kapena kampeni. M'timabalamo amapakamo makala, phulusa kapena mankhwala, ndipo pakapola pamatsala chipsera chosafufutika. Tattoo, imene pa Chipwitikizi amati tatuagem, ndi chojambula cholowetsedwa m'khungu ndi singano ndi inki. M'boma la Milange zonse ziwiri zilipo, nthawi zina pakhonde limodzi: agogo a mphini m'masaya, ndi mdzukulu wawo amene wabwera kuchokera ku Joni ali ndi dzina la chibwenzi pamkono. Agogo amati mwanayo walowerera. Mdzukulu amati za agogo ndi zachikale. Khungu ndi lomwelo, koma chizindikiro chimawerengedwa mosiyana malinga ndi amene akuchiona.

Mphini za makolo

Pakati pa Amang'anja, Achewa, Alomwe ndi Ayao, mphini zinali ndi ntchito zingapo. Zina zinali zokongoletsa. Mtsikana akamakula, makamaka nyengo ya chinamwali, amayi odziwa ntchitoyi ankamutema pamphumi, m'masaya, pachifuwa, pamimba ndi m'ntchafu. Za kumaso zinali za aliyense, koma zobisika ndi nsalu zinali za m'banja, pamodzi ndi mikanda ya m'chiuno. Pakhungu lakuda chipsera chotukuka chimaoneka bwino kuposa utoto, ndiponso chimamveka pochikhudza. Mtsikana wopanda mphini ankasekedwa ndi anzake kuti ndi wamantha.

Zina zinali zosonyeza mtundu. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 analemba za mphini za Amang'anja ndi za pelele, kanthu kozungulira kamene amayi ankaika pamlomo wa m'mwamba. Achikunda a m'chigwa cha Zambezi, omwe ambiri anali akapolo onyamula mfuti m'ma prazo a Apwitikizi ndipo anachokera m'mitundu yosiyanasiyana, anapanga zizindikiro zawozawo za kumaso zotchedwa makaju. Anthu amene sanali pachibale anadzipangira mtundu polemba nkhope mofanana.

Mphini zimene zakhalitsa kwambiri ndi za mankhwala. Sing'anga, curandeiro, amatema pamalo powawa, monga m'litsipa, pamsana kapena m'mawondo, n'kupakapo mankhwala. Ena amatemera pofuna kudziteteza kwa afiti kapena kuti ulendo uyende bwino. Mawu akuti katemera, amene lero amanena jakisoni wa kuchipatala, anachokera pa kutemera kumeneku. Anthu ambiri amene amanyoza mphini za kumaso ali ndi timizere tiwiri kapena titatu pansi pa malaya, ndipo sazitchula.

Mmene zinachokera kumaso

Ku Mozambique nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Amakonde a kumapiri a Mueda, m'chigawo cha Cabo Delgado. Mphini zawo, dinembo, zinkadzaza nkhope yonse ndi mizere yopingasa, kwa amuna ndi akazi omwe. Kwawo zinali umboni woti munthu wakula ndipo ndi Mmakonde weniweni. Koma atapita kukagwira ntchito m'minda ya khonje ku Tanganyika ndi ku Kenya, nkhope yomweyo inasanduka chonyozera. Ankatchedwa Mawia, dzina lachipongwe, ndipo anthu ankawaopa.

Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, nkhope yolembedwa inali yoopsa kwa mwini wake, pakuti msilikali wachipwitikizi ankadziwa kumene munthuyo akuchokera asanamufunse. Frelimo nayo sinkafuna zizindikiro zogawa anthu m'mitundu, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1975 boma linkadzudzula miyambo yambiri kuti ndi obscurantismo, kutanthauza kukhala mumdima. Amishoni ndi aphunzitsi anali atayamba kale kuletsa mphini. M'badwo umodzi wokha unakwanira. Filipe Nyusi, Mmakonde wobadwa mu 1959 m'boma la Mueda, amene anakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira 2015 mpaka 2025, alibe dinembo kumaso.

Kumalire kuno sizinathe ndi lamulo. Zinatha pang'onopang'ono chifukwa cha tchalitchi, sukulu ndi ulendo. Alomwe ambiri anaoloka kupita ku minda ya tiyi ya Mulanje ndi Thyolo, ndipo kumeneko mlendo ankadziwika ndi chilankhulo ndi maonekedwe. Makolo amene ananyozedwapo sanafune kuti ana awo adziwike msanga choncho.

Tattoo ya masiku ano

Tattoo inabwera ndi mpira wa pa wailesi yakanema, oimba, mafoni ndi anyamata obwerera kuchokera ku Nampula, Quelimane, Blantyre ndi South Africa. Imasiyana ndi mphini pa chinthu chimodzi chachikulu. Mphini zinkasankhidwa ndi mudzi, ndipo zinkanena kuti munthuyu ndi wa kwakuti. Tattoo amasankha munthu mwini, nthawi zambiri osauza makolo. Mwina n'chifukwa chake akuluakulu amene ali ndi mphini samaona kufanana kulikonse.

Mipingo yambiri imaletsa potchula Levitiko 19:28, pamene ena amati lamulolo linkanena za miyambo ya maliro ya nthawi imeneyo. Mashehe ambiri amaphunzitsa kuti chojambula chosafufutika n'choletsedwa kwa Msilamu, ngakhale hina, utoto umene umachoka wokha, ndi wololedwa. M'midzi, tattoo imakumbutsa anthu ndende, chamba kapena zausatana. Nkhanizi zimafika mpaka pa chinkhoswe, pamene ankhoswe akufunsa khalidwe la mkamwini.

Za ku Japan

Dziko limene nkhaniyi inafika patali ndi Japan, ndipo mbiri yake ikufanana ndi ya kuno kuposa mmene munthu angaganizire. Kumeneko tattoo amati irezumi. Kuyambira 1720 boma linkaigwiritsa ntchito ngati chilango: wakuba ankalembedwa mizere kuzungulira mkono, ndipo madera ena ankamulemba pamphumi. Pa nthawi yomweyo ozimitsa moto, onyamula katundu ndi amisiri ankadzijambulitsa msana wonse ndi zithunzi za nsomba, maluwa ndi zinjoka, monyadira.

Mu 1872 boma la Meiji linaletsa tattoo poopa kuti Azungu aona Japan ngati dziko lotsalira. Amayi a mtundu wa Ainu kumpoto, amene ankalemba kuzungulira milomo, analetsedwa mu 1871, ndipo amayi a ku Okinawa, amene ankalemba manja, analetsedwa mu 1899. Zimene zinachitikira Amakonde zinali zitachitika kale kumeneko. Chodabwitsa n'chakuti Azungu omwewo ndi amene ankazifuna. Mwana wa mfumu amene pambuyo pake anakhala George V wa ku Britain anajambulitsa chinjoka pamkono ku Japan mu 1881, ndipo Nicholas II wa ku Russia anachita chimodzimodzi ku Nagasaki mu 1891, asanakhale mfumu.

Chiletsocho chinachotsedwa mu 1948, koma mbiri yoipa inatsala chifukwa cha yakuza, magulu a zigawenga amene ambiri mwa iwo amajambulitsa thupi lonse. Anthu a ku Japan amakonda kusamba pamodzi m'madzi otentha a m'akasupe otchedwa onsen, ndipo posamba sungabise khungu. Eni malowa, m'malo mouza chigawenga maso ndi maso kuti chisalowe, anangolemba pakhomo kuti wa tattoo aliyense asalowe. Malo ambiri osambirapo ndi ochitira masewera olimbitsa thupi anatengera zomwezo.

Lamulo lopangira yakuza linayamba kugwira alendo. Mu 2013 mayi wina wa mtundu wa Maori wochokera ku New Zealand anabwezedwa pamalo osambira ku Hokkaido chifukwa cha zolemba za makolo ake pachibwano ndi pamilomo, zimene kwawo ndi ulemu waukulu. Kafukufuku wa nthambi ya boma yoona za alendo mu 2015 anapeza kuti mahotela ndi nyumba zogona alendo pafupifupi 56 pa 100 alionse zimakaniza a tattoo kusamba, 31 zimalola, ndipo 13 zimalola ngati munthu waphimba. Pa mpikisano wa dziko lonse wa rugby mu 2019, osewera analangizidwa kuphimba matupi m'malo osambira ndi ochitira masewera. Mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti wojambula tattoo safunika chiphaso cha udokotala. Alendo ambiri okhala ku Japan amangovala malaya a manja aatali kuntchito, kapena kumata kapulasitala asanalowe m'madzi.

Kwa amene akuoloka malire

Achinyamata a ku Milange amene amapita ku Japan ndi ochepa, koma opita ku South Africa ndi ambiri. M'ndende za kumeneko muli magulu otchedwa 26, 27 ndi 28, ndipo mamembala ake amalemba manambalawa pathupi. Munthu amene wajambulitsa nambala yotere pokumbukira tsiku lobadwa akhoza kufunsidwa mafunso ovuta ndi apolisi, ngakhalenso ndi eni ake a nambalayo.

Ngozi ina ndi yofanana kwa sing'anga ndi kwa mnyamata wojambula pamsika. Lumo kapena singano imene yagwira magazi a munthu wina ikhoza kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ndipo chida chakuda chingabweretse kafumbata. Azaumoyo ndi bungwe la asing'anga la AMETRAMO akhala akufalitsa uthenga woti lumo limodzi likhale la munthu mmodzi, ndipo odwala ambiri tsopano amagula lawo pagolosale asanapite kukatemera. Pa tattoo, singano iyenera kutsegulidwa mwini khungu akuona, ndipo inki yotsala kwa wina isagwiritsidwenso ntchito. Anthu ena, makamaka a khungu lakuda, bala lililonse limawatupira n'kukhala chipsera chachikulu cholimba chimene madokotala amati keloid. Kufufuta tattoo kumafuna makina a laser, maulendo angapo ndi ndalama zoposa zimene munthu analipira poijambulitsa, ndipo makinawo amapezeka m'mizinda ikuluikulu yokha.